Tepi Yoyenda Kamodzi Kokha

Abiti Atumani anakana kuti tepi ilowe m'chikwama cha mdzukulu wawo. Anaikulunga mu mpango, mpangowo anauika mu jumbo, jumboyo anaimanga pamimba ndi chitenje, ndipo ulendo wonse wa pa lole kuchokera ku Makanjira anakhala atapinda manja pamwamba pake ngati munthu wodwala m'mimba. Lole ikagwa m'dzenje, anzawo ankagwira zitsulo, koma iwo ankagwira tepi.

"Anganga, mukutuluka thukuta. Inyowatu imeneyo," anatero Nadia, mdzukulu wawoyo.

"Thukuta langa silinaphepo kanthu. Iwe samala chikwama chako. Bambo wa chipewa uyo wachiyang'ana kawiri."

Nadia anali wa zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo nkhope ya mayi ake sankaidziwa. Mayi akewo, Rahma, mwana mmodzi yekha wa Abiti Atumani, anamwalira tsiku lomwe anamubereka, pamsewu womwewu, lole isanafike kuchipatala. Chithunzi chake panalibe ngakhale chimodzi. Chimene chinalipo ndi tepi iyi, ya ukwati wa Muhammad, mwana wa mlongo wa amuna awo, umene unachitika mu 1998. Anajambula ndi munthu wina wochokera ku Joni amene anabwera ndi kamera yonyamula paphewa. Mudzi wonse unaionera kamodzi, pa TV ya batire, ndipo penapake m'katimo Rahma anaonekamo. Rahma atamwalira, eni ukwati anabwera nayo pamaliro n'kuipereka m'manja mwa mayi ake.

Kuyambira tsiku limenelo tepiyo sinalowenso m'makina. Abiti Atumani anali ataonapo deki ya pa vidiyo sho ikutafuna tepi, mwini wake akusolola lamba wakuda ngati matumbo a nkhuku. Wina aliyense akapempha kuti akaonere, yankho linali limodzi: makina amadya. Nadia anapempha ali ndi zaka khumi, anapemphanso atatha msinkhu, ndipo ulendo uliwonse ankauzidwa kuti adikire.

Tsopano kudikira kunatha. Lachisanu Nadia ankayenera kukwera basi ya ku Joni kutsatira mwamuna wake Zubair, ali ndi pakati pa miyezi inayi. Abiti Atumani anali atamuuza kale zonse: asamadye za m'njira, asamavule mpango pa bodala, asakhale pafupi ndi chitseko cha basi, asauze munthu aliyense mwezi wake. Nadia anangomvera, kenako anati, "Anganga, ine ndikupita kukabereka kutali. Ndipite osawaona amayi anga?" Lero linali Lachitatu.

Ku boma anayenda mashopu atatu. Anyamata a mafoni anaiseka tepiyo, wina mpaka anaitana mnzake kuti adzaone. Wachitatu ndiye anawalozera kwa Mponda, kuseri kwa chigayo, kumene kunali mayi wina wojambula maukwati dzina lake Fyness. Anati ndi yekhayo amene akadali ndi deki yamoyo, yomwe anamusiyira bambo ake a ku Nkhudzi.

Chipinda cha Fyness chinali chaching'ono, chotentha, chodzaza mawaya. Abiti Atumani anaima pakhomo n'kuwerenga ndi maso: zenera limodzi, soketi yakuda ndi utsi, mphaka pansi pa tebulo. Anakana mpando mpaka mphakayo atatulutsidwa. Kenako anamasula chitenje, jumbo, mpango, n'kupereka tepiyo ndi manja awiri.

Fyness anaitembenuza, anaiyang'ana pa kawindo kake, ndipo nkhope yake inasintha.

"Agogo, iyi mumaisunga kuti?"

"M'bokosi lachitsulo. Loloka."

"Nanga yapindika bwanji chonchi? Ndipo choyera ichi ndi chuku."

Abiti Atumani anafotokoza mosabisa, chifukwa sankaona cholakwa. Chaka cha namondwe madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Anthu ankathawitsa mbuzi ndi maukonde, iwo anathawitsa bokosi. Atalitsegula, tepi inali ikudontha madzi. Ndiye dzuwa litatuluka anaiyanika pa thandala, pamene amayanika usipa, masiku atatu, akuitembenuza m'mawa ndi masana kuti iume mbali zonse. Anakhala pomwepo ndi ndodo kupirikitsa akhwangwala.

"Pa dzuwa?" Fyness anafunsa motsitsa mawu. "Masiku atatu?"

"Nanga chonyowa chimauma ndi mwezi?"

Fyness sanaseke. Anatenga sikuludiraiva, anamasula chikhokho cha tepiyo, n'kusamutsira mikombero iwiri ija m'chikhokho china chabwino. Anapukuta chuku cha m'mbali ndi kansalu. Kenako anakhudza lamba wakuda uja pang'ono chabe, n'kuwaonetsa chala chake. Chinali chakuda ngati wagwira mpoto.

"Chakuda ichi ndiye zithunzizo, agogo. Zikuyoyoka. Dzuwa linaiwotcha, ndiponso tepi ikakhala zaka zonsezi osazungulira imamatirirana. Mukanamaionera mwa apo ndi apo ikanakhala bwinoko."

Mawu amenewa anawalowa Abiti Atumani ngati minga. Zaka zonse zija akuteteza, kodi ankapha? Anayang'ana Nadia, Nadia anayang'ana pansi.

"Ndiye yafa?"

"Sinafe, koma iyenda kamodzi kokha. Ikamadutsa m'makina izikhala ikuyoyoka. Sitingaithamangitse kutsogolo, sitingaibweze m'mbuyo, ndipo tikaiimitsa pakati ikhoza kuduka. Chimene kompyuta igwire lero ndi chomwecho mpaka kalekale. Ndiye tisanayambe, tisankhe kapindidwe kake."

"Kapindidwe ka chiyani?"

Fyness anakokera mpando pafupi. Anati zithunzi zikamachoka mu tepi kulowa mu kompyuta, pamakhala kanthu kotchedwa kodeki, kamene kamazipinda kuti zikwane. Makodeki alipo amitundu iwiri. Ina imapinda kwambiri, fayilo n'kukhala yaing'ono, ya MP4, yolowa m'foni ndi kutumizika pa WhatsApp. Imeneyo ndi imene anthu onse amafuna. Koma kuti ichepe chonchi, imataya zina zimene ikuganiza kuti diso silizisowa. Ina sitaya kanthu, kadontho kalikonse kamalowa momwe kalili, koma fayilo yake ndi chimphona.

"Ili ngati nsomba, agogo. Yowamba imapepuka, mumanyamula yambiri m'dengu limodzi, koma sibwereranso kukhala yaiwisi."

"Za nsomba ndisiyireni ine," anatero Abiti Atumani. "Mwati imataya zimene ikuganiza. Anaiuza ndani zoti ichi n'chofunika, ichi ayi?"

Fyness anatsegula ukwati wina umene anausamutsa mwezi watha pa kodeki yaing'onoyo. Mkwatibwi ankaoneka bwino, mpaka ndolo. Abiti Atumani sanayang'ane mkwatibwi. Anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini n'kuloza ndi chala kumbuyo, kumene kunaima gulu la amayi pansi pa mtengo.

"Uyu ndani?"

"Sindikumudziwa."

"Ngakhale mayi ake sangamudziwe. Nkhope yake ili kuti? Ndikuona timabokosi."

"Anthu akutali amatero, makamaka akamayenda, tepi ikakhalanso yothothoka ngati yanuyi. Koma anthu amafuna mkwati ndi mkwatibwi, ndiye sadandaula."

Apa m'pamene Abiti Atumani ananena chimene sananenepo kwa Nadia. Anachinena akuyang'ana khoma.

"Mwana wanga sanali mkwatibwi. Sali kutsogolo. Ali kumbuyo, chakumphepete, ndipo sakhalitsa. Ndinamuletsa ndine. Ndinamuuza kuti asaime patsogolo pa kamera, sitikudziwa kumene zithunzizo zimapita, wina akhoza kuzitenga n'kumuchita chipongwe. Wojambula aliyense akabwera m'mudzi ndinkamutsekera m'nyumba. N'chifukwa chake chithunzi palibe."

M'chipindamo munangomveka chigayo cha kuseri.

"Ndiye tipita pa yosataya kanthu," anatero Fyness. "Yaing'ono ya m'foni tidzaipanga pambuyo kuchokera ku yaikuluyo. Kuchepetsa kumatheka, kukulitsa ayi." Anayamba kudinadina, akulankhula chimene akuchita kuti gogoyo asadzidzimuke. Anati nthawi zonse amadula m'mphepete mwa chithunzi, chifukwa m'munsi mwa tepi mumanjenjemera ndipo makasitomala amati zaonongeka.

"Osadula!"

"Sindidula. Ndazimitsanso kosalaza. Kameneko kamachotsa mchenga pa chithunzi, koma kamafufuta ndi maso a anthu omwe."

Kenako anatsegula pena, n'kuluma mlomo. Malo mu kompyuta anali ochepa. Munali maukwati a anthu ena amene eni ake anali asanabwere kudzatenga, ndipo sakanawafufuta. Malo otsalawo, pa kodeki yosataya kanthu, ankakwana mphindi makumi anayi ndi zisanu zokha. Tepi inali ya maola awiri ndi kupitirira. Flashi imene Nadia anabwera nayo inali yaing'ono, yongokwana kachidutswa.

"Agogo, mwana wanuyo akuoneka nthawi yanji? Koyambirira, pakati, kumapeto?"

Abiti Atumani anatseka maso. Anaionera kamodzi, zaka zoposa makumi awiri zapitazo, ali kumbuyo kwa mitu ya anthu. Anakumbukira beseni. Rahma anali ndi beseni pamutu.

"Pophika. Amayi akuphika mpunga. Kuphika kumakhala m'mawa, ndiye n'koyambirira."

"Mukutsimikiza?"

"Yambani pomwe yayambira. Musasiye ngakhale pang'ono."

Nadia anatulutsa foni kuti ajambuleko sikirini. Abiti Atumani anamugwira dzanja.

"Zimitsa chimenecho. Ika m'chikwama, chikwamacho panja pa chitseko."

"Anganga, foni siyi—"

"Foni ikalira pafupi ndi wailesi, wailesi imachita bwanji? Sunamvepo? Ukufuna ikokere amayi ako kwina?"

Fyness anafuna kunena kuti palibe vuto, koma ataona maso a gogoyo anangotembenukira ku deki. Foni inazimitsidwa. Abiti Atumani ananong'ona Bismillah, ndipo deki inameza tepi.

Poyamba panangobwera mchenga woyera ndi phokoso ngati la mvula pa malata. Kenako mizere, kenako mtengo wa mango wopindika ngati uli m'madzi. Fyness anapotokola kabatani mpaka mtengowo unaongoka. Mawu ankathetheka. Anati tepi imasunga mawu pawiri, ena abwino kwambiri amene ali pamodzi ndi zithunzi, ena achikale amene ali m'mphepete mwa lamba. Abwinowo anali atafa. Anasinthira ku achikalewo, ndipo mwadzidzidzi m'chipinda muja munadzaza anthu a ku Makanjira, akuseka, akuitanana m'Chiyao, tambala akulira kumbuyo.

Munthu woyamba kuima patsogolo pa kamera anali Che Nasir.

Abiti Atumani anagwira tebulo. Amuna awo, amene anawaika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, anali apo, ndevu zikadali zakuda, atavala mkanjo umene iwo anawachapira dzulo lake. Monga mjomba wa mkwati, ndiwo ankalandira alendo. Anakonza chisoti, anatsokomola katsokomole kawo kaja koyambira nkhani, n'kunena kuti amene wabwera ndi njala asachite manyazi, koma amene wabwera ndi jumbo aisiye pa msewu. Anthu anaseka. Nadia anaseka akulira.

"Ambuje! Anganga, taonani ambuje! Anali ndi mano onse!"

"Khala chete, makina asamve," anatero Abiti Atumani. Anali ataiwala kuti amuna awo ankagwedeza phewa lamanzere akamaseka. Zaka zonsezi ankawakumbukira ali pamphasa, akudwala.

Kamera inawakonda Che Nasir. Inawatsatira kwa shehe, inawatsatira kokaona mbuzi. Pakona pa sikirini panali nambala imene Fyness ankaiyang'anayang'ana. Mphindi khumi zinapita. Makumi awiri. Kenako kamera inakhotera kuseri kwa nyumba, kumene kunali utsi ndi miphika.

"Apa," anatero Abiti Atumani, n'kuimirira. "Nadia, yang'ana kumphepete. Usayang'ane pakati."

Anaona Zena akupeta mpunga. Anaona Abiti Swadick, amene anamwalira ndi kolera, akukankha nkhuni. Anadziona okha, msana wokha, atawerama pa mphika. Anayang'ana kumanja, kumanzere, kuseri kwa nkhokwe, mtsikana aliyense wodutsa ndi ndowa. Kamera inazungulira kamodzi n'kubwerera kwa amuna.

Rahma panalibe.

"Mwina ndaphethira. Bwezani."

"Sizibwezeka, agogo."

"Nadia, unaona mtsikana wa beseni?"

"Ndingamudziwe bwanji, anganga?"

Funso limeneli linawakhazika pansi. Nambala ija inkapitabe. Fyness anati zatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Abiti Atumani anayamba kudzifunsa ngati anamuonadi Rahma tsiku lija pa TV ya batire, kapena ngati mtima wawo unangomuikamo pambuyo pa maliro. Kodi anasunga tepi ya ukwati wa eni ake zaka zonsezi, kuithawitsa m'madzi, kuilondera akhwangwala, mulibe mwana wawo? Anapukuta manja pa chitenje. Beseni. Beseni lija linali la chiyani? Silinali la mpunga wosaphika. Munali mbale. Mbale zobwereka kwa Abiti Allan, kutsidya kwa dambo, zimene zinachedwa mpaka anthu anayamba kudandaula.

"Yarabi," anatero. "Si pophika. Ndinamutuma kukatenga mbale. Anabwera pogawa chakudya, swala ya masana itatha."

Fyness anayang'ana dzuwa la pa sikirini. Mithunzi ya anthu inali ikadali yaitali.

"Ndiye kukadali kutali. Malo atsala a mphindi zisanu ndi zinayi." Anatembenuka n'kuwayang'ana m'maso. "Mvetserani bwino, agogo, nthawi ilibe. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ndiimitse kujambula kuno, tepi izipitabe, ndisinthire ku kodeki yaing'ono ija. Malo otsalawa akwana tepi yonse. Zimene tagwira kale zikhala, agogo aamunawa akhala. Koma mwana wanu akakhala kutali, atuluka ngati amayi a pansi pa mtengo aja."

"Yachiwiri?"

"Ndifufute zonse tagwirazi, malo abwerere, tiyambirenso pa yosataya kanthu. Mphindi makumi anayi ndi zisanu zina."

"Dulani pamene pali amuna anga pokha, musunge. Zinazo tayani."

"Ndi mtolo umodzi. Kuudula kumafuna nthawi, ndipo kompyuta iyi singadule uku ikujambula. Ndi zonse kapena ayi."

"Nanga tepi? Amuna anga akadalimo mu tepi."

Fyness analoza pansi pa deki, pamene panali patayamba kugwa fumbi lakuda.

Nadia anagwada pafupi ndi agogo ake. "Anganga, tengani yaing'onoyo. Musawataye ambuje. Amayi ndiwaonabe, ngakhale patali. Ndikwanira."

Abiti Atumani anayang'ana sikirini. Che Nasir anali atakhala pamkeka, akuthira tiyi m'sosala, akuuzira. Chala chawo chaching'ono chinali chitaimirira monga mwa nthawi zonse. Zaka makumi anayi anakhala ndi munthu ameneyu, ndipo analibe chithunzi chakenso, chifukwa cha lamulo lawo lomwe lija. Foni imene ikanawagwira inali panja pa chitseko, yozimitsa, ndipo anaizimitsa ndi iwo.

"Zatsala zisanu ndi chimodzi," anatero Fyness.

"Ambuje ako unawaona," anatero Abiti Atumani, osamuyang'ana Nadia. "Unawakoka ndevu. Anakunyamula paphewa kupita nawe kudoko. Amayi ako ukawaona timabokosi, udzamuuza chiyani mwana ali m'mimbamo? Kuti agogo ake anali timabokosi?"

"Anganga..."

"Fufutani."

Fyness anaika dzanja pa mausi. "Ndikaimitsa, kufufuta ndi kuyambiranso, padutsa mwina theka la mphindi tepi ikuyenda osagwidwa. Akatulukira nthawi imeneyo, tamuphonya."

"Ndiye dikira. Usadine. Ndikuuza ine."

Anasiya kumutchula kuti inu. Anaimirira, nkhope pafupi ndi sikirini, maso akuthamanga m'mphepete monse. Zinatsala zisanu. Ana ankadutsa, amayi ankadutsa ndi mitsuko. Zinatsala zinayi. Fyness anati agogo, agogo, koma iwo anangokweza dzanja. Zitatsala zitatu, amuna anayamba kuimirira n'kupanga bwalo, mapewa kugundana, ndipo kunamveka kupuma kwa pamodzi kuja kwa mapemphero a sikiri, kochokera pansi pa chifuwa. Kamera inalowa pakati pawo.

"Tsopano! Pa sikiri ya amuna mwana wanga sangayandikire. Ndinamulera ndine."

Fyness anadina. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza, iye anadinanso. Pa TV yaing'ono ya pambali, imene inkaonetsa tepi yokha, Che Nasir anali pakati pa bwalo, maso otseka, akugwedezeka ndi anzawo, thukuta likutsika m'ndevu. Abiti Atumani anawayang'ana osaphethira, kuti zimene makina akutaya zilowe mwa iwo. Kenako kamera inakhotera kwa shehe, ndipo kadontho kofiira kanayakanso pa kompyuta.

"Tayambiranso," anatero Fyness.

Sikiri inatha. Anthu anapita kukaswali, wojambula anazimitsa kamera, ndipo chithunzi chinadumphira masana, mithunzi ili pansi pa mapazi. Tsopano tepi inayamba kudwala. Mizere yoyera inkadutsa pafupipafupi, chithunzi chinkagwa n'kudzukanso, mitundu inkathawa n'kubwerera. Deki inkalira kamawu kopyapyala kamene poyamba kanalibe. Fyness anati fumbi lija likutseka mutu wa makina, ndipo palibe chimene angachite tepi ikuyenda.

Mphindi khumi. Makumi awiri. Mikeka inayalidwa. Che Nasir sanaonekenso, anali atalowa m'nyumba ndi akuluakulu. Abiti Atumani ankangonong'ona, osadziwa ngati akupempha Mulungu kapena deki. Gwira, gwira pang'ono, usafe pano. Munthu wina pa tepi anafunsa mokweza kuti kodi mbale zili kuti, tidyera m'manja?

"Nadia. Kumanzere."

M'mphepete mwenimweni, pamene Fyness akanadula, munalowa beseni. Pansi pa beseni panali mtsikana wamtali, wa mpango wobiriwira, akuyenda mothamanga khosi lili chilili. Anali kutali, kuseri kwa mizere iwiri ya anthu okhala pansi. Anatula beseni, anawongola msana, n'kuona kamera. Anayang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Kenako, m'malo mothawa, anasendera pafupi masitepe atatu, anakonza mpango, n'kumwetulira dala, mano a mpata ali poyera.

Nadia anagwira pakamwa pake. Lilime lake linapita lokha pa mpata wa mano ake.

Ndiye pa tepi panamveka mawu a mzimayi, akuthwa, ochokera kumene kamera sinkaona.

"Iwe Rahma! Choka pamenepo!"

Abiti Atumani anawadziwa mawuwo. Anali awo.

"Ndamva, amama!" anayankha mtsikanayo, koma sanachoke msanga. Anaseka kaye, phewa lamanzere likugwedezeka, anakweza dzanja kwa wojambula, kenako anatola beseni.

"Usachoke," anatero Abiti Atumani kwa sikirini. "Usandimvere. Ima pomwepo, mwananga."

Rahma anatuluka m'mphepete momwe analowera. Tepi inayendabe mphindi ziwiri, kenako chithunzi chinagwa osadzukanso, panangotsala mchenga woyera. Fyness anaimitsa kujambula, anatsegula deki, ndipo lamba anatuluka wotuwa, woonekera kuwala ngati khungu la anyezi.

Anatsegula fayilo ija, anapita pamene panali beseni, n'kuimitsa chithunzi. Anachikulitsa. Chinali ndi mchenga, chinali ndi mzere woyera pachipumi, koma maso analipo, mphuno inalipo, ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene Rahma anagwa nako pa bwato ali wamng'ono. Zonse pamodzi anaima pamenepo masekondi khumi ndi anayi. Nadia anapempha kuti abwereze, ndipo Fyness anati tsopano akhoza kubwereza mpaka mawa, fayilo siyoyoka. Anabwereza kasanu. Ulendo wachisanu Nadia ananena pamodzi ndi mayi ake, motsitsa, "Ndamva, amama."

Fyness anadula kachidutswako momwe kalili, osakachepetsa, n'kukaika pa flashi. Anapanganso kena kakang'ono ka m'foni, ndipo anati kaakulu kaja akasunganso iye mu kompyuta, chifukwa chinthu chokhala pamalo amodzi sichinasungidwe. Nadia anakatenga foni panja n'kuiyatsa.

"Mawu anga aja," anatero Abiti Atumani. "Mungawachotse?"

"Ndingathe. Koma ndikachotsa anu, yankho lake likhala lopanda woyankhidwa."

Gogoyo anaganiza. "Asiyeni."

Anatola tepi yakufayo, anaikulunga mu mpango, mu jumbo, n'kuimanganso pamimba. Fyness anawauza kuti mulibenso kanthu m'menemo, zonse zayoyoka. Iwo anati akudziwa. Kenako anapempha kapepala, anawerama pansi pa deki, n'kusesera fumbi lakuda lija ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka lonse linalowa. Anapinda kapepalako kanayi n'kukamanga pa nsonga ya chitenje.

"Amuna anga ali umu," anatero. "Sangatsale kwa Mponda, kwawo ndi ku Makanjira."

Atatuluka, dzuwa linali pamutu. Nadia ankayenda maso ali pa foni, chala chikubwezabweza.

"Yang'ana njinga, iwe. Ndipo flashiyo usaike m'chikwama. Ika m'kati mwa malaya, kumanzere, umange ndi pini. Pa bodala asaione. Ikanyowa..." Anaima kaye pakati pa msewu, wakabaza akuwaimbira belu. "Ikanyowa, usaiyanike. Uimbire mayi uja, umufunse."